Mano a Mlendo pa Mkanjo wa Telmo

1. Galasi ndi basi

Telmo Sequeira analawirira kudzuka. Anachedwabe.

Chinamuchedwetsa ndi galasi. Tsitsi analipesera kumanzere. Sizinakome. Analibwezera kumanja. Malaya oyera anasita n'kusitanso. Nsapato anapukuta mpaka zinayamba kumuyang'ana. Tayi yakuda anamanga, anamasula, anamanganso. Pomwe ankachotsa mkanjo wake pa msomali, basi inalira pakona n'kutsetsereka osamudikira.

Mkanjowo ndi uja amavala ophunzira a pa yunivesite ya ku Coimbra, m'dziko la Apwitikizi. Wakuda bii, wolemera, wopanda manja, wofika mu akakolo. Suchapidwa, ngakhale ununkhe bwanji. Kumunsi kwake okondedwa ako amang'ambako pang'ono, aliyense malo ake, ndi mano basi. Sizasi ayi. Abale amaluma kumanja. Anzako kumanzere. Pakati m'pa munthu mmodzi yekha, amene mtima wako wamusankha.

Wa Telmo kumanja unali wong'ambika. Kumanzere unali nsanza zokhazokha, chifukwa anzake anali ambiri ndipo onse anali ndi mano abwino. Pakati panali pasanakhudzidwe.

Tsiku limenelo Benedita, chibwenzi chake, anali atavomera kuluma pakatipo. Anati akumane masana pa masitepe a tchalitchi chakale, iye akangotuluka ku kiliniki. Mtsikanayu ankaphunzira udokotala wa mano, ndipo mano ake sankawabwereketsa chisawawa. Telmo anapempha, anachonderera, anagula makeke, mpaka chaka chinatha.

"Chinsanza chako chosachapacho ndidzaluma kamodzi m'moyo wanga," anatero Benedita pomaliza. "Koma iwenso undilonjeze chimodzi. Sikuta ayi."

Masikuta anali mbwee mumzinda monse. Timatabwa ta matayala awiri, toyendera magetsi, ta aliyense. Umatsegula ndi foni, umakwera choimirira, ukafika umangokasiya pomwepo kuti wina atenge. Benedita ankadana nato. Sabata iliyonse ku kiliniki kunkabwera wophunzira atanyamula dzino lake m'kapu ya mkaka, akulankhula ngati khanda.

"Sindikufuna mwamuna woseka ndi usinini," anatero. "Lumbira."

Telmo analumbira. Analumbira mokweza, dzanja pamtima, mpaka anthu a patebulo loyandikana anawomba m'manja.

2. Ulaliki wa m'khitchini

M'khitchini anapezamo Gaspar, mnzake wa chipinda choyandikana, akudya buledi ndi soseji. Gaspar ankaphunzira zamalamulo ngati Telmo. Kusiyana kwake, iye anayamba kalekale ndipo sankaoneka kuti akufuna kumaliza.

"A mkwati, basi yakusiyani," anatero, kukamwa kuli tho.

"Ndaona, aise. Ndithamanga."

"Ndi nsapato zimenezo? Kuchoka ku Celas kuno mpaka ku tchalitchi? Ukafika thukuta lili kamukamu, tsitsi lagona, ukununkha ngati bulu. Mwana wa eni aluma bwanji?" Gaspar analoza pawindo ndi soseji. "Taona panja. Sikuta yobiriwira. Batire lodzaza. Yagona pageti pathu ngati yatumidwa."

"Ndinalumbira."

"Unasaina? Iwe, chaka chachiwiri cha zamalamulo, sukudziwa kuti lonjezo lopanda pepala ndi nyimbo chabe? Ukaisiye kuseri kwa msika. Ukafike wapansi, manja ali lende, ngati woyera mtima."

Dona Zulmira, eni nyumbayo, anali pa sinki akusukuluza nsomba ya mchere. Anatseka mpopi. Anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono. Akatero, anyamata onse a m'nyumbamo ankadziwa kuti ulaliki wayamba.

"Tamverani kuno, a Dotolo," anayamba. Mumzindamo aliyense wovala mkanjo ndi dotolo, ngakhale wosadziwa kuphika dzira.

"Nyumba ino ndasungamo ophunzira kuyambira mayi ako ali m'matewera. Ndaona a njinga zakapalasa. Ndaona a njinga zamoto. Wina anatsika mtsetse uwu atakhala m'ngolo ya m'sitolo, anzake akumukankha. Onsewo ankati achedwa. Ndipo onsewo ndinakawaona ku chipatala, nditanyamula supu m'botolo. Kumeneko palibe ankafulumira.

"Mkanjo uwo unasokedwera munthu woyenda pansi. Uli ndi mchira. Kanthu kakoko kali ndi tayala kumbuyo, ndipo tayala silisankha chakudya. Chilichonse cholendewera limameza. Nayo miyala ya m'misewu muno inayalidwa nthawi ya abulu. Bulu ali ndi miyendo inayi, ndipo amaganiza asanaponde. Iwe ukhala ndi timatayala tiwiri ngati mabisiketi, mutu uli pamtunda wopanda chipewa.

"Koma zimenezo n'zazing'ono. Mafupa amalumikizika. Ine ndikunena za mawu ako. Ukachedwa, mwana uja akwiya, akukalipira, mugula keke, madzulo muiwala. Ukaswa lonjezo lako loyamba, malonjezo ako onse otsala aziwayeza ngati mazira a pamsika, kuwagwedeza pakhutu kuti amve ngati ali owola. Foni uli nayo. Muimbire, umuuze kuti galasi lakuchedwetsa. Basi ina ikubwera. Miyendo uli nayo, yaulere, sifuna batire. Kuthamanga si kufika.

"Ndipo ngati mutu wakowo wauma kale, chita chimodzi. Vula mkanjo, uupinde, uike paphewa. Ndanena ine Zulmira."

Anatsegulanso mpopi.

Gaspar anasendera pafupi n'kunong'ona. "Upinde mkanjo? Tsiku la lero? Aise, mkanjo umakoma ukamauluka."

"Ndakumva, Gaspar," anatero Dona Zulmira osatembenuka. "Iwe wako unaulukira kuti? Lendi yokha ndiyo sikuuluka kubwera kuno."

Telmo anayang'ana foni. Anayang'ana pageti. Anawapsompsona mayiwo patsaya.

"Zikomo, Dona Zulmira. Ndamva."

Kumva anamva ndithu. Makutu ake analibe vuto.

3. Mtsetse

Sikuta inalira kuti tii n'kuyatsa nyale. Telmo anakulunga mkanjo m'khosi, anaponda pathabwa, anakankha pansi ndi phazi, anafinya kabatani ndi chala. Anauluka.

Kunena zoona, poyamba zinakoma. Mphepo inalowa mu mkanjo n'kuufufumitsa. Mitengo ya mumsewu inkathawira kumbuyo. Anapitirira mayi wokankha mwana pa kangolo. Anapitirira wansembe. Basi ija anaipeza itaima pa siteji ikukweza nkhalamba, ndipo anaigwedezera mutu ngati munthu wopepesa maliro.

"Dona Zulmira akalamba," anadziuza.

Kenako phula linatha, miyala inayamba. Mano anayamba kuwombana okha. Gwedegwede, gwedegwede. Msewu unatsetsereka kulowera ku Praça da República, bwalo lija la malo omwera khofi, pomwe ophunzira amakhala panja tsiku lonse n'kumauza makolo kuti ali ku laibulale. Inali sabata ya chikondwerero cha ophunzira. Matebulo onse anali bii ndi mikanjo.

Telmo anaona maso ambiri. Anawongola msana. Anatukula chibwano. Anafinya buleki pang'ono kuti anthu amuone bwino.

Apo ndi pomwe analakwira. Liwiro litachepa, mphepo inausiya mkanjo. Mchira unagwa. Tayala linalandira.

Khosi linakokedwa kumbuyo ngati la mbuzi yoiwala kuti ili pa chingwe. Miyendo inatsogola yokha. Telmo anagwa chagada, anagubuduzika, n'kudzapezeka atagwada m'mphepete mwa bwalo. Sikuta inagona kuseri kwa mphika waukulu wa maluwa, tayala lake litameza nsalu. Mkanjo unali utamumanga pakhosi ndii. Mano onse analipo. Chinasowa ndi mpweya.

4. Wothandiza

Woyamba kufika anali mtsikana wamtali, watsitsi ngati udzu wouma, chikwama kumsana. Dzina lake Dorota. Kwawo kunali ku Poland, ndipo anali atangofika kumene kudzaphunzira miyezi yochepa. Chipwitikizi ankadziwa cha pa basi ndi cha mu lesitilanti. Za mikanjo sankadziwa kanthu.

Anayesa kukoka nsalu. Tayala linakana. Anayesa kumasula pakhosi. Panali pothina.

"Mpeni!" anakuwa. "Sizasi! Aliyense!"

Palibe anadzuka. Ambiri anali asanaone bwino chimene chachitika. Ena ankayesa ndi sewero la chikondwerero.

"Usaope," Dorota anauza Telmo. "Mayi anga ndi telala. Nsalu ndimaidziwa."

Anagwada patsogolo pake. Anagwira mkanjo kumunsi n'kuusendeza kukamwa. Telmo anaona pamene pagwiridwapo. Pakati penipeni. Maso anali tong'o. Anagwedeza manja onse awiri. Anafuna kukuwa kuti ayi, koma pakhosi panangotuluka kamluzu.

"Ndikudziwa, zikuwawa," anatero Dorota. "Pirira."

Analuma. Anakoka ndi mutu. Nsalu inalira kuti kweee!

Mpweya unabwerera. Nalo bwalo lonse linadzuka.

Chimene anthu anaona n'chosavuta. Mnyamata wovala bwino wagwada, misozi ili m'maso. Mtsikana wagwada naye. Wang'amba pakati, ndi mano, dzuwa likuswa mtengo. Mipando inagwa. Mikanjo inaponyedwa m'mwamba. Tebulo lina linayamba nyimbo, lina linalandira. Mtsikana wina analira n'kumenya chibwenzi chake ndi chikwama.

"Waona anzako? Iwe mpaka liti?"

Mafoni onse anali m'mwamba. Sikuta, kuseri kwa maluwa, sinalowe m'kanema wa munthu aliyense.

"Ayi!" anatero Telmo, mawu atasasa. "Sitikudziwana!"

"Chikondi chenicheni ndi chimenecho!" wina anayankha. Bwalo linawombanso m'manja.

Dorota anaimirira, analavula ulusi, anawerama mothokoza.

"Anthu a kuno ndinu abwino," anatero. "Kwathu ukapulumutsa munthu saimba."

Anapsompsona Telmo tsaya ili ndi ilo, monga anaphunzirira kuti kuno amatero potsanzikana. Kenako anathamangira ku kalasi.

5. Malangizo awiri

Amene anamudzutsa anali mkulu wina wa chipewa ndi ndodo, amene ankawerenga nyuzipepala pafupi ndi maluwa aja. Anthu ankawatcha Senhor Olegário. Iwo okha ndi amene anaona zonse, kuyambira tayala.

"Choyamba, imika chinthu chakocho pambali," anatero. "Pano pamadutsa osaona ndi ife a ndodo. Kukwera mumakwera nokha, koma mukagwetsa timapunthwa tonse."

Telmo anamvera. Zikhatho zinali zitasupuka. Buluku linali litabooka pabondo.

"Mwini wa pakatipo si mtsikana ujayu, eti?"

"Ayi, bambo. Mwini wake akundidikira ku tchalitchi chakale."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya.

"Mwana wanga, inenso mkanjo ndinavalapo. Nthawi yathu mbiri inkayenda pansi. Ukalakwa kuno kumunsi, unkakwera chitunda n'kukafika nkhani isanamveke, ukukonza bodza lako bwinobwino m'njira. Lero mbiri ili m'matumba mwa anthu. Tikulankhula pano, yafika kale. Ndiye usavutike n'kupeka. Ukanene zoona, zonse, kuyambira pamene unaponda kathabwako. Zoona zimawawa kamodzi, ngati kuzula dzino. Bodza ndi dzino lobooka. Masana limakusiya, usiku n'kukudzutsa. Pita. Ukapeza akulira, usanene kuti 'usalire.' Ukapeza akumwetulira, pemphera."

Telmo anathokoza. Anavula mkanjo, anaupinda, anaika paphewa. Tsopano anaupinda bwino kwambiri. Anayamba kukwera masitepe aatali opita ku yunivesite ndi ku tchalitchi chakale, wapansi, akutsimphina. Anyamata awiri osawadziwa anamugwira chanza. Mayi wina wogulitsa maluwa anamufunira ana ambiri.

Ali pakati pa masitepe foni inalira. Gaspar.

"Aise! Ukwati osandiitana?"

"Usandiseke, Gaspar. Ndafa ine."

"Sunafe. Kanemayo ndaonera. Nkhope yako sikuoneka bwino, mutu wa mtsikanayo wakutchinga. Mikanjo yonse ndi yakuda. Ukakane. Si iwe."

"Nanga pong'ambikapa?"

"Galu."

"Galu?"

"Galu wamkulu, wolusa, wopanda mwini. Wakuthamangitsa, wagwa, wasupuka, waluma mkanjo. Zonse zikugwirizana. Sikuta mulibemo, mtsikana mulibemo. Akumvera chisoni mpaka kukupsompsona. Loya wako ndine, ndipo sindikulipiritsa."

Telmo anaima kuti apume. Mawu a mkulu uja anali olemera. A Gaspar anali opepuka. Munthu wotopa amanyamula chopepuka.

6. Kuyeza galu

Benedita anali atakhala pa masitepe a tchalitchi chakale, chikwama pamiyendo, foni itavundikiridwa pambali pake. Sanadzuke. Ankamwetulira.

"Wachedwa."

"Pepa, Dita." Ankamutcha choncho akafuna chifundo. "Ndakumana ndi zoopsa."

"Zoopsa zanji?"

"Galu."

"Ayi, galu? Wamkulu?"

"Ngati mwana wa ng'ombe. Wakuda. Maso ofiira."

"Mayo ine. Tabweretsa ndione."

Anatambasula mkanjo pamiyendo. Anatulutsa magalasi m'chikwama. Anayang'ana pong'ambikapo mofatsa, monga amayang'anira m'kamwa mwa odwala. Anakweza nsaluyo kuloza dzuwa.

"Galu wosowa uyu," anatero. "Mano ake akutsogolo ndi athyathyathya ngati a munthu. Pakati ali ndi kampata. Amatsuka bwino, ndamuyamikira. Komanso amapaka zofiira pamilomo."

Telmo anakanda mutu.

"Agalu a masiku ano…"

Benedita anatembenuza foni. Kanema anali ataimitsidwa pomwe Dorota akupsompsona tsaya lachiwiri. Nkhope ya Telmo inkaoneka bwino kwambiri. Ngakhale mzere wa tsitsi unkaoneka.

"Anthu anditumizira mpaka foni kutentha," anatero Benedita. "Kalasi yathu yonse. Mphunzitsi wanga wandigwira paphewa n'kundiuza kuti amuna alipo ambiri. Tsopano khala pansi unene. Galu akabweranso, ine ndikudzuka."

Telmo anakhala. Ananena zonse. Galasi, basi, Gaspar, sikuta yobiriwira, buleki, tayala, mano. Za Dona Zulmira ananenanso, ngakhale sanafunsidwe. Anamaliza. Nkhunda zokha zinkayendayenda pa masitepe ngati mboni zosafuna kulankhula.

"Yasamula," anatero Benedita.

Anayasamula. Benedita anamugwira chibwano, anayang'ana m'mwamba ndi m'munsi, anagwedeza dzino limodzi ndi chala.

"Onse alipo. Mwayi wa zitsiru." Anamusiya. "Mtsikanayo ndilibe naye mlandu. Ndinadziwiratu. Munthu wofunsira mbeta sabiriwira nkhope choncho, lilime lili panja. Akanapanda iye bwenzi ndikukuona ku chipatala. Ndidzamugulira khofi. Mlandu uli pa iwe. Unalumbira, waswa. Ndakufunsa, wanama. Wandibweretsera galu. Ine! Ine wa mano!"

"Dita, ndimaopa kuchedwa."

"Ndikanadikira! Masitepe awa anayalidwa agogo a agogo ako asanabadwe. Ukuganiza akanathawa lero?"

Telmo anayang'ana nsapato zake. Sizinkamuyang'ananso.

"Ndiye… pakatipo?"

"Pakati palipo pamodzi pokha, ndipo padyedwa kale."

Mwambo uli ndi njira yake. Chikondi chikatha, mwini mkanjo amasoka pong'ambikapo ndi ulusi wa mtundu wa maphunziro ake, kuti aliyense aone. Wa a zamalamulo ndi wofiira. Pa nsalu yakuda umaonekera kutali.

"Ukapemphe singano kwa Dona Zulmira," anatero Benedita. "Usoke wekha. Osati iwo, osati telala. Iwe."

"Koma mzinda wonse uziti ndakanidwa!"

"Wakanidwa kumene. Iwe ndi sikuta banja latha. Uvale choncho mpaka mayeso athe, ukuyenda pansi kapena pa basi ngati anthu. Ndikaona kuti ulusi ukadali pomwepo, mano akadali m'kamwa, agalu asiya kukuthamangitsa, mwina ndidzapeza kamalo pambali pake. Ndati mwina."

Telmo anapumira m'mwamba. Pa mawu onse amene anamva tsiku limenelo, "mwina" ndi amene anakoma kwambiri.

Benedita anatulutsa thonje ndi mankhwala n'kuyamba kumupukuta zikhatho, mosanyengerera. Telmo anabuula. Pakona pa mlomo wa Benedita panayamba kugwedezeka, ngati wobisa kuseka.

7. Foni ya kwawo

Foni ya Telmo inalira m'thumba. Manja onse anali ndi mankhwala.

"Ngati ndi Gaspar, ndiyankha ine," anatero Benedita. Anaitulutsa. Anawerenga. "Mayi ako."

"Isiye! Ndiwaimbira madzulo."

"Foni ya mayi sitikana." Anayankha, anakweza mawu kuti onse awiri amve, anaigwira pakati pawo.

"Telmo! Mwana wanga!" Mawu a Dona Graciete, ochokera ku mapiri a ku Gouveia, anadzaza masitepe onse. Kumbuyo kunkamveka mapoto ndi akazi ambiri. "Iwe mwana woipa! Mpaka ndimve kwa azakhali ako? Andionetsa kanema ndili kogula buledi. Ndalira pamaso pa anthu! Chimtsikana chachitali, champhamvu, mano ngati a hatchi! Ine muja ndinkaluma kumanja, chibwano chinawawa sabata yathunthu. Uyu kamodzi kokha, kweee! Bambo ako aonera n'kuoneranso, atuluka panja kukamina."

"Mayi, tadikirani…"

"Khala chete, ndikulankhula. Nthawi zonse ndikakufunsa kuti kodi uli ndi munthu kumeneko, iwe, 'Ayi mayi, mabuku okhaokha.' Pa Khirisimasi ndinakufunsa, mabuku okhaokha. Pa Pasaka, mabuku okhaokha. Kodi mabuku ake ndi amenewa?"

Thonje linaima pa chikhatho cha Telmo. Benedita anakweza maso pang'onopang'ono.

"Mabuku okhaokha," ananong'ona.

"Mawa tikubwera," Dona Graciete anapitiriza. "Ine, bambo ako, azakhali ako onse, ndi agogo ako ngati mwendo ulola. Tchizi ndamanga kale. Kambuzi kaphedwa. Umuuze mpongozi wanga asadye m'mawa. Ndiye tandiuza msanga, ndikufuna ndimusokere pa kansalu ka patebulo. Dzina lake ndani?"

Benedita anasendeza foni pafupi ndi pakamwa pa Telmo. 

"Tawayankha mayi ako," anatero motsitsa. "Inenso ndikufuna ndilimve."